Matonsili a ana nyengo ya chiperoni: ndi vairasi, bakiteriya, kapena thupi kudana ndi fumbi?

Mlangizi_Muloza:
Akuluakulu a pagulu pano, mwaswera bwanji? Chiperoni chayamba ndipo mafunso a amayi kusikelo ya ana abwerera pomwe amakhala chaka chilichonse June ndi July. Mwana akumva kupweteka pomeza, ukamuwunikira m'kamwa matonsili afufuma mpaka kutsala pang'ono kukhudzana. Wina alibe ululu konse koma amagona kukamwa kuli yasa, mkonono ngati wa munthu wamkulu, m'mawa kuyetsemula kosalekeza. Mafunso ndi atatu: chimatupitsa n'chiyani, kodi aliyense afunika amoxicillin, nanga bwanji osangowachotsa basi? Ndikufuna yankho loti munthu angathe kulifotokoza pansi pa mtengo anthu n'kumva.

Mphunzitsi_Bvumbwe:
Ndiyambe ine ndi kapangidwe kake, achipatala apitirize. Tikamati matonsili ambiri timaganiza timibulu tiwiri tija timaoneka m'mbali mwa khosi. Koma si tokha. Kuseri kwa mphuno, pamwamba pomwe maso sangaone, kuli kanyama kena kotchedwa adenoidi. Patsinde pa lilime pali ena, ndiponso pali ang'onoang'ono pafupi ndi timipita topita kumakutu. Onsewa azungulira polowera mpweya ndi chakudya ngati mpanda. Katswiri wa ku Germany Wilhelm Waldeyer ndiye anaufotokoza mpandawu m'zaka za m'ma 1880, n'chifukwa chake mabuku amautchula ndi dzina lake.

Tonsili si yosalala. Ili ndi timayenje takuya, pakati pa 10 ndi 30 pa tonsili imodzi. Timayenjeto sitinabwere mwangozi: timagwira tizidutswa ta chilichonse chimene tapuma kapena kumeza, ndipo maselo apadera a pakhungu lake amatilowetsa m'kati kukatipereka kwa asilikali a m'thupi, maselo a B ndi a T. Kumeneko maselo a B amachulukana n'kuyamba kupanga ma antibody, zida za thupi zogwira tizirombo, makamaka mitundu yotchedwa IgA ndi IgG. Kutupa kumene timaona nthawi zambiri ndi asilikaliwa atachulukana chifukwa ntchito yawakulira. Matonsili amakula kwambiri mwana ali pakati pa zaka 3 ndi 10, nthawi yomwe akukumana ndi tizirombo tatsopano ku mkaka phala ndi ku pulayimale, kenako amaphwa okha akatha msinkhu.

aNamwino_Chitakale:
Aphunzitsi mwaikapo maziko abwino. Ndiwonjezere kuti kukula kokha si matenda. Mwana wa zaka 6 wa matonsili aakulu, amene akudya bwino, kugona bwino, kusewera bwino, safunika mankhwala aliwonse. Amayi ambiri amaona matonsili a mwana koyamba tsiku lomwe wadwala, ndiye amaganiza kuti atupa usiku womwewo pomwe anali choncho kale.

WaLabu_Thyolo:
Mbali ya vairasi ndi yaikulu kuposa mmene ambiri timaganizira. Zilonda za pakhosi zambiri zimayamba ndi mavairasi: rhinovirus wa chimfine wamba, adenovirus, influenza, parainfluenza, ma coronavirus, ma enterovirus, ndi Epstein-Barr. Bakiteriya amene timamuopa, Streptococcus wa gulu A, amapezeka mwa ana pafupifupi 15 mpaka 30 pa 100 alionse odwala pakhosi, ndipo mwa akuluakulu 5 mpaka 15 okha.

Vairasi akalowa m'selo ya pakhosi, seloyo imatulutsa interferon. Interferon ali ngati mfuu ya m'mudzi: maselo oyandikana akaimva amatseka njira zomwe vairasi amagwiritsa ntchito pochulukana, ndipo asilikali opha maselo ogwidwa amaitanidwa. Interferon alipo wa mitundu ingapo: pali alpha ndi beta, pali lambda amene amagwira ntchito kwambiri pakhungu la m'mphuno ndi pakhosi, ndiye pali gamma wochokera ku maselo a T. Kutentha thupi, kuphwanya m'thupi ndi kufooka kumene wodwala chimfine amamva, mbali yaikulu ndi ntchito ya interferon ndi anzake, osati vairasi mwiniwake.

China chimene chimadabwitsa: ofufuza akayeza matonsili ndi adenoidi ochotsedwa kwa ana omwe sankadwala tsiku la opaleshoni, amapezamo mavairasi mwa ana ambiri ndithu, nthawi zina mitundu iwiri kapena itatu mwa mwana mmodzi. Adenovirus anatulukiridwa mu 1953 m'ma adenoidi ochotsedwa kwa ana, dzina lake n'lochokera pomwepo. Epstein-Barr akalowa satulukanso, amabisala m'maselo a B moyo wonse. Ndiye tonsili siikhala pa tchuthi. Ngakhale mwana ali bwinobwino, imakhala ikupanikiza mavairasi ena kuti asadzuke.

Mlangizi_Muloza:
Pamenepo ndamva. Nanga woyetsemula m'mawa uja akulowa bwanji m'nkhaniyi? Iyeyo satentha thupi.

WaMakutuMphunoKhosi:
Achimwene, funso limeneli ndiye mtima wa nkhani yonse, ndiloleni nditalikitse pang'ono.

Tonsili ili ndi ntchito ziwiri zokokana. Yoyamba ndi imene a labu afotokoza, kumenyana ndi mdani. Yachiwiri ndi kuphunzira kulekerera zinthu zopanda vuto. Tangoganizani zomwe zimadutsa pakhosi pa mwana tsiku limodzi: phala, mtedza, mkaka, mungu wa udzu, fumbi la pabwalo, ubweya wa mphaka. Thupi likanati lizimenyana ndi chilichonse, palibe akanakula. Ndiye m'matonsili muli maselo a T oletsa ndewu, amene mabuku amati Treg, odziwika ndi chizindikiro cha FOXP3. Amatulutsa zonyamula uthenga zotchedwa IL-10 ndi TGF-beta, zomwe zimauza asilikali anzawo kuti uyu ndi mlendo chabe, musamukhudze. Ofufuza anapeza maselo oterewa m'matonsili a anthu, odziwa bwino mungu ndi zakudya zinazake. Ndi chifukwa chake m'mayiko ena anthu odana ndi mungu amapatsidwa timadontho kapena timapiritsi toika kunsi kwa lilime tsiku ndi tsiku kwa zaka pafupifupi zitatu, kuti thupi liphunzire kulekerera.

Kulekereraku kukasokonekera, thupi limatenga njira ya mtundu wina wa maselo a T wotchedwa Th2. Amenewa amatulutsa IL-4 ndi IL-13 zomwe zimachititsa maselo a B kupanga antibody wotchedwa IgE, ndi IL-5 imene imaitana asilikali ena otchedwa ma eosinophil. IgE amakamatirira pa maselo ena a chitetezo a m'mphuno otchedwa mast. Tsiku lomwe fumbi lija labweranso, maselo a mast amakhuthula histamine m'mphindi zochepa, ndipo ndi iyeyo amene amabweretsa izi: kuyetsemula motsatizana, mamina amadzi, kuyabwa kwa mphuno, maso ndi m'kamwa mwa pamwamba. Adenoidi amakhala pamalo omwe mamina onsewa amadutsa, ndiye amakhala otupa miyezi ndi miyezi. N'chifukwa chake mwana wodana ndi fumbi kawirikawiri vuto lake lalikulu limakhala adenoidi, osati matonsili awiri a m'mbali aja.

Tsopano pomwe ziwirizi zimakumana. Njira ya interferon ndi njira ya IgE zimapondana. IgE akachuluka pa maselo amene amapanga interferon wambiri, maselowo amapanga wochepa vairasi akabwera. Ndiye mwana wodana ndi fumbi chimfine chimamukhalitsa, ndipo chimatsikira m'chifuwa mosavuta. Rhinovirus, yemwe kwa mnzake ndi mamina a masiku asanu, ndi amene amadzutsa mphumu mwa ana kuposa china chilichonse. Kumbali inayo, vairasi amasupula khungu la m'mphuno ndi pakhosi, fumbi n'kumalowa mozama, ndipo kutupa kwamphamvu kumatha kufooketsa mawu a ma Treg aja kwa kanthawi. China chikukankha chinzake. Ndiye mayi akanena kuti mwanayu chimfine sichimuthera, nthawi zambiri sakunama: ndi kudana ndi fumbi kosatha, pamwamba pake n'kumabwera vairasi uyu ndi uyo.

aNamwino_Chitakale:
Ndipo kuno kwathu zinthu zake zimakumana nthawi imodzi. Chiperoni chikagwa, zofunda siziuma, makoma amachita chuku, mawindo amatsekedwa, mbaula imalowa m'nyumba, ana anayi amafunda bulangete limodzi. Tinthata ta m'fumbi, tosaoneka ndi maso, timakonda chinyezi ndipo timakhala m'matiresi, m'mapilo ndi m'mabulangete. Mphemvu nazo ndowe zake zimadzutsa mphumu. Utsi wa nkhuni suyambitsa IgE pawokha, koma umapsereza khungu la m'mphuno lomwe lili kale lotupa.

Kiliniko_Luchenza:
Zonsezi n'zoona, koma ndikuopa kuti wina awerenga n'kunena kuti basi zonse ndi vairasi, mwana akhale kunyumba. Kuno si ku Ulaya. Matenda a mtima oyamba ndi Streptococcus akadali pakati pathu, ndipo amagwira ana a zaka 5 mpaka 15. Zimayenda chonchi: pakhosi pamapola pokha patatha masiku atatu kapena asanu, aliyense n'kuiwala. Patapita sabata ziwiri kapena zitatu, ma antibody omwe anapangidwa kuti amenye bakiteriya amasokoneza n'kuyamba kumenya mfundo za mafupa ndi zitseko za mtima, chifukwa khungu la bakiteriyayu limafanana ndi minofu ya mtima. Mwana amatupa bondo lero, mawa chigongono, ndipo zikabwerezabwereza mtima umawonongeka osabwereranso.

Kusiyanitsa popanda labu, yang'anani zinayi: kutentha thupi kopitirira 38, mwanabere wopweteka kutsogolo kwa khosi kunsi kwa nsagwada, mafinya kapena kutupa pa matonsili, ndi kusatsokomola. Mwana wa zaka 3 mpaka 14 muwonjezerepo chimodzi. Zikakwana zitatu kapena kuposa, ganizirani bakiteriya. Kukakhala chifuwa, mamina, maso ofiira, mawu osasa, kutsegula m'mimba kapena tizilonda m'kamwa, ameneyo kwambiri ndi vairasi. Mwana wosakwana zaka 3 Streptococcus samugwira pakhosi kawirikawiri.

Musaiwale kuyeza malungo. Mwana wotentha thupi ku Mulanje kapena ku Thyolo, ngakhale pakhosi pafiire bwanji, ayezedwe magazi. Akhoza kukhala nazo zonse ziwiri.

aFamase_Limbuli:
A Luchenza, sinditsutsa za mtima, koma mafinya pa tonsili asatinamize. Adenovirus ndi Epstein-Barr amapanganso zoyera zomwezo, nthawi zina zochuluka kuposa za bakiteriya. Ndipo wachinyamata amene ali ndi Epstein-Barr akamwa amoxicillin amatha kubuka ziwengo thupi lonse patatha masiku angapo. Akatero amalembedwa m'buku la kuchipatala kuti thupi lake limadana ndi penisilini, gulu la mankhwala momwe muli amoxicillin, pomwe sizili choncho, n'kumanidwa mankhwala abwino moyo wake wonse. Chizindikiro chake: mwanabere mpaka kumbuyo kwa khosi, kufooka kwa sabata zingapo, zikope zotupa, nthawi zina kapamba wotupa. Woteroyo asasewere mpira pafupifupi mwezi wathunthu, kapamba angaphulike.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi makapisozi anayi ogula pagolosale. Munthu wamwa masiku awiri, ululu watha, wasiya. Ngati anali vairasi, wamwa pachabe ndipo waphunzitsa mabakiteriya a m'matumbo mwake kupirira mankhwala. Ngati anali Streptococcus, sanamuphe, ndipo mtima sunatetezedwe.

Kiliniko_Luchenza:
Pamenepo tili limodzi achimwene. Kapena masiku 10 athunthu, kapena osayamba n'komwe. Muyezo wake ndi uwu, ndipo alembe ndi wachipatala atamuona mwana ndi kumuyeza pasikelo: amoxicillin 50 mg pa kilogalamu iliyonse patsiku, osapitirira 1,000 mg, kwa masiku 10. Penicillin V nayenso masiku 10. Ngati pali chikayiko choti samaliza, jakisoni mmodzi wa benzathine penicillin ndi wokwanira: mayunitsi 600,000 kwa mwana wosakwana makilogalamu 30, ndi 1,200,000 kwa woposa pamenepo. Mabuku ena amaika malire pa makilogalamu 27. Wodanadi ndi penisilini apatsidwe erythromycin. Bactrim musamudalire pa ntchito imeneyi. Ndipo palibe chifukwa chothamangira usiku: mankhwala akayambika asanathe masiku 9 chiyambire kudwala, mtima umatetezeka.

Pomwe ndimasiyana nanu pang'ono ndi pa mwana wa zaka 8 wa zizindikiro ziwiri zokha, wochokera kutali ngati ku Thekerani, amene sabweranso kudzaonedwa. Ameneyo ine ndimapendekera kopereka.

aFamase_Limbuli:
Wa ku Thekerani yemwe alibe chifuwa ndi mamina, ndikuvomera. Koma wa mamina ali chuchuchu ndi maso ofiira, ayi, ngakhale achokere kutsidya kwa Ruo.

aNamwino_Chitakale:
Za kunyumba, zomwe alangizi mungauze amayi. Panado 10 mpaka 15 mg pa kilogalamu, maola 6 alionse, osapitirira kanayi patsiku. Ambiri amapereka wochepa kwambiri n'kumati sakugwira ntchito: mwana wa makilogalamu 20 amafunika 250 mg, theka la piritsi la akulu, osati kota. Aspirini ayi kwa mwana wosakwana zaka 16, akakumana ndi vairasi amatha kuwononga chiwindi ndi ubongo. Wamkulu pang'ono amene amatha kulavula achukuche pakhosi ndi madzi ofunda, kapu imodzi yothira theka la supuni yaying'ono ya mchere. Uchi supuni imodzi umafewetsa pakhosi, koma osapatsa khanda losakwana chaka. Phala lamadzimadzi, thobwa, tiyi wofunda, nthochi yakupsa. Chachikulu amwe, chifukwa mwana womva ululu pomeza amakana madzi n'kuuma m'thupi. Onani ngati akukodza.

Chonde osakanda matonsili ndi chala kapena kansalu pofuna kuchotsa zoyerazo. Zimangotulutsa magazi.

WaMakutuMphunoKhosi:
Kwa woyetsemula uja, amoxicillin alibe ntchito ngakhale pang'ono. Yambani ndi zogonera: matiresi, mapilo ndi mabulangete padzuwa tsiku lililonse lomwe latuluka, zochapika zichapidwe ndi madzi otentha, pafupifupi madigiri 60, chifukwa ozizira sapha tinthata. Posesa muwaze madzi, ndipo mwanayo akhale panja. Chuku chikhulidwe. Mbaula iyake panja mpaka utsi utatha, ndipo isagone m'nyumba yotseka, pajatu imapha.

Kenako kutsuka m'mphuno: lita imodzi ya madzi owiritsa n'kuzizira, supuni yaying'ono imodzi ndi theka ya mchere, kudontheza kapena kupopera ndi sirinji yopanda singano m'mawa ndi madzulo. Madziwo apangidwe atsopano tsiku lililonse. Mankhwala akumwa a cetirizine: zaka 2 mpaka 5, 2.5 mg kawiri patsiku. Zaka 6 mpaka 11, 5 mg kawiri. Kuyambira 12, 10 mg kamodzi. Piriton amagwira, koma amagonetsa mwana m'kalasi. Onsewa amaletsa kuyetsemula ndi kuyabwa, koma satsegula mphuno kwenikweni. Chotsegula mphuno ndi kuphwetsa adenoidi ndi mankhwala opopera m'mphuno a steroid monga beclomethasone kapena mometasone, tsiku ndi tsiku kwa sabata 6 mpaka 12.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Amapopera masiku atatu, saona kusintha, n'kusiya, pomwe amayamba kuoneka bwino pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Ena amalozetsa pa khoma lapakati la mphuno, mwana n'kuyamba kamfuno. Mwana amine kaye, aweramitse mutu pang'ono, dzanja lamanja lipopere mphuno yakumanzere molozetsa chakukhutu, lamanzere yakumanja, ndipo asakoke mpweya mwamphamvu, mankhwala angathere kukhosi. Timadontho totsegula mphuno msanga ngati xylometazoline tisapitirire masiku 5 mpaka 7. Tikapitirira, mphuno imatsekeka kuposa poyamba.

Ngati chimfine chilichonse chimathera kulira kwa m'chifuwa, imeneyo ikhoza kukhala mphumu ndipo ayesedwe bwino. Salbutamol wopopera, mankhwala a mphumu, amalowa bwino kudzera m'botolo la pulasitiki la 500 ml loboola kunsi, kusiyana n'kupopera m'kamwa mwachindunji.

Mphunzitsi_Bvumbwe:
Funso lachitatu la alangizi lisatayike. Poti tanena kuti matonsili amaphunzitsa thupi, kodi kuwachotsa sikusiya mwana pambalambanda?

WaMakutuMphunoKhosi:
Ayi aphunzitsi, mpanda uja sutha wonse. Tonsili ya patsinde pa lilime imatsala, mwanabere amatsala, matumbo ali ndi minofu yambiri ya mtundu womwewo. Akayeza ma antibody a ana ochotsedwa matonsili, amapezeka atatsika pang'ono kwa kanthawi koma osafika podetsa nkhawa. Kafukufuku wa ku Denmark wofalitsidwa mu 2018, pa ana oposa miliyoni imodzi, anapeza kuti ochotsedwa matonsili kapena adenoidi ankadwala kwambiriko matenda a m'njira ya mpweya atakula. Koma kumbukirani kuti ana amene amafika pa opaleshoni ndi omwe anali odwaladwala kale, ndiye kafukufuku wotere sangalekanitse bwino chimene chinayambitsa chinzake. Kwa ine phunziro lake n'loti pakhale chifukwa chomveka.

Zifukwa zomveka ndi ziwiri makamaka. Choyamba, kubanika kutulo: mkonono usiku uliwonse, kusiya kupuma kwa masekondi angapo n'kudzidzimuka, chifuwa kulowa m'kati, thukuta, kukodza pogona atasiya kale, kusakula bwino, kusinza kapena kusakhazikika m'kalasi. Zikakhalitsa zimalemetsa mtima. Chachiwiri, kudwala pakhosi kobwerezabwereza: kasanu ndi kawiri chaka chimodzi, kapena kasanu pachaka zaka ziwiri zotsatizana, kapena katatu pachaka zaka zitatu, ndipo kukhale kudwala kwenikweni kolembedwa m'buku la kuchipatala. Alimbikitseni amayi kuti buku likhale limodzi, chifukwa akafika ku Queen Elizabeth ku Blantyre umboni ndi umenewo.

Opaleshoni sichiza kudana ndi fumbi. Mwana wochotsedwa adenoidi amene akugonabe pa matiresi omwe aja adzayetsemulabe, ndipo mwa ana aang'ono adenoidi amatha kumeranso. Choopsa chake chachikulu ndi kutaya magazi, m'maola 24 oyamba kapena pakati pa tsiku la 5 ndi la 10 pomwe nkhanambo imachoka. Sabata ziwiri zimenezo mwana asakhale kutali ndi chipatala, ndipo magazi ofiira m'malovu, ngakhale ochepa, ndi ulendo nthawi yomweyo.

WaLabu_Thyolo:
Ndibwerere kwa Epstein-Barr pang'ono, chifukwa kwathu kuno ali ndi nkhope ina. Ana ambiri a ku Africa amamutenga ali aang'ono kwambiri osadwala n'komwe. Koma malungo obwerezabwereza amatakasa maselo a B momwe iye wabisala, komanso amafooketsa maselo a T omwe amamulondera. Kukumana kumeneku ndiko kumabweretsa khansa ya Burkitt, imene Denis Burkitt anaifotokoza ku Uganda mu 1958, ndipo vairasiyu anapezeka mu 1964 m'maselo a khansa yomweyo. Ndi imodzi mwa khansa zofala kwambiri mwa ana ku Malawi, imakula m'masabata ochepa, ndipo imamva mankhwala ikapezeka msanga. Ndiye tonsili imodzi yokha ikamakula yopanda ululu, kapena nsagwada kutupa mano n'kuyamba kugwedera, musayese maantibayotiki kawiri katatu. Tumizani.

Kiliniko_Luchenza:
Ndiwonjezere zina zosadikira mawa. Kutupa mbali imodzi kopweteka kwambiri, kukamwa kukanika kutseguka, dovu kutuluka, mawu ngati wavwira mbatata yamoto, kanyama kolendewera pakati kukankhidwira mbali ina: chimenecho ndi chithupsa kuseri kwa tonsili, chimafuna kuboola kuchipatala. Kupuma mwaphokoso pokoka mpweya, mwana atakhala chowerama dovu likutsika: musamukakamize kutsegula kukamwa ndi supuni, thamangani naye. Chikhungu chotuwa chomatirira chimene chimatulutsa magazi ukachikhudza, khosi lotupa lonse, funsani za katemera wa pa sabata 6, 10 ndi 14, mwina ndi diphtheria. Zoyera ngati chambiko m'masaya, palilime mpaka kukhosi mwa mwana wamkulu kapena munthu wamkulu, ayezetse HIV.

Mlangizi_Muloza:
Zikomo kwambiri nonse. Kafunso kotsiriza a sisitala: mwana woyamba penisilini abwerere liti kusukulu, nanga anzake ogona naye amwe nawo?

aNamwino_Chitakale:
Akatha maola 24 chiyambire mankhwala ndipo thupi lazizira, abwerere, sapatsiranso anzake. Ogona naye asamwe ngati sakudwala, koma kapu ndi supuni zikhale zake yekha masiku oyambawo, ndipo amene wayamba kudandaula pakhosi abwere naye adzaonedwe payekha, osamugawira mankhwala a mkulu wake. M'banja momwe muli mwana amene ali kale pa jakisoni wa mwezi ndi mwezi chifukwa cha mtima, muwauze achipatala zimenezo pofika, chifukwa pamenepo sitizengereza kupereka.